Luso Lili m'Manja, Nanga Pepala Lili Kuti?

Tikamadutsa mumsewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga mu Lusaka, timaona zinthu zimene maso athu anazolowera kale: mageti acitsulo oimikidwa m'mbali mwa msewu, mafelemu a zitseko ndi a mawindo, mabedi, makabati ndi mbaula zosanjikizana. N'cimodzimodzi m'misika ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi. Kuseri kwa katunduyo kumakhala bambo wovala ovolosi yothimbirira ndi mafuta, ndipo pambali pake pamakhala mnyamata amene akumugwirira citsulo uku akuyang'anitsitsa.

Ife tikafuna geti sitifunsa setifiketi. Timaligwedeza, timayang'ana mmene analumikizira zitsulo, ndipo timafunsa aneba amene anagula caka catha ngati lawo likali lolimba. Koma mmisiri yemweyo akamva kuti kampani ina yomanga ikulemba anthu nchito, n'kupita kukaima pamzere, funso loyamba limene amakumana nalo ndi lakuti, "Mapepala muli nawo?" Akapanda kuonetsa kanthu amabwezedwa, kapena amalembedwa ngati wanchito wamba. Amalandira malipiro a wonyamula simenti, koma nchito yowocherera zitsulo n'kuigwira iye yemwe.

Funso la mapepalali silinayambe dzulo. Lakhala likulondola amisiri a dziko lino kwa zaka pafupifupi 100. Tikayang'ana bwino mbiri yake tiona kuti luso silinasowepo pakati pathu. Cimene cakhala cikusinthasintha ndi ici: ndani ali ndi mphamvu yocitira umboni kuti munthu uyu nchito aidziwa? Amene wagwira mphamvu imeneyo ndiye amagamulanso za malipiro.

Nthawi imene khasu linali umboni

Sukulu ndi mapepala zisanabwere, makolo athu anali amisiri kale. Acewa ndi anthu ena a mu ufumu wa Maravi anali kukumba miyala ya citsulo, kuisungunula m'ng'anjo ndi kusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni. Msilikali wa Cipwitikizi, Antonio Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wocokera ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe, analemba za nchito yosulayi. Makasu a kuno anali malonda ofunidwa mpaka kumadera a mtsinje wa Zambezi.

Mu 1960, anthu amene anali kukumba malo oikapo thanki ya madzi pa Ingombe Ilede, kufupi ndi kumene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anapeza manda akale. M'mandamo munali mitanda ya mkuwa pamodzi ndi zipangizo zopangira waya. Ku Kansanshi nako, azungu ofunafuna miyala atafika mu 1899, anapeza maenje amene eni dziko anali atakumbamo mkuwa kwa zaka mazana ambiri.

Kodi amisiri amenewa anali kuphunzira bwanji? Mnyamata anali kuyamba ndi kunyamula makala ndi kupopa mvukuto kwa atate ake kapena kwa amalume ake. Patapita zaka m'pamene anali kuloledwa kugwira nyundo. Mtsikana anali kuphunzira kuumba mbiya ndi miphika kwa agogo ake, kuyambira pa kudziwa kumene kuli mtapo wabwino. Mayeso analipo, koma woyesa anali mudzi wonse. Khasu likathyoka litangolima mizere iwiri, aliyense anali kudziwa amene analisula. Mphika ukang'aluka pamoto, woumba analibe kobisala. Pepala silinali lofunika cifukwa wogula ndi wopanga anali kudziwana.

Apa m'pamene tingamvetse nchito yeniyeni ya setifiketi. Setifiketi si luso ayi. Ndi mboni imene imakulankhulira kwa munthu amene sakudziwa. Kufunika kwake kunayamba pamene tinacoka m'midzi kupita m'matauni ndi kumigodi, kukagwirira nchito anthu acilendo.

Zimene amishoni ndi boma la atsamunda anaphunzitsa

Amishoni ndiwo anayamba kuphunzitsa nchito zamanja zatsopano. Anali kufuna machalichi, masukulu, zipatala ndi nyumba zawo, conco panafunika anthu oumba njerwa, oceka matabwa, omanga ndi akalipentala. M'cigawo ca Kum'mawa, amishoni a Dutch Reformed anayamba pa Magwero mu 1899, kenako anafalikira ku Madzimoyo, Nyanje ndi kwina. Kutsidya ku Nyasaland, sukulu ya Livingstonia inatulutsa amisiri ndi makalaliki ambiri amene anaoloka malire kudzagwira nchito kuno. Kumadzulo, Barotse National School inatsegulidwa mu 1907 kufupi ndi Mongu, ndipo nayo inali kuphunzitsa nchito zamanja.

Mu 1924 boma la Britain linatenga ulamuliro wa Northern Rhodesia m'manja mwa British South Africa Company. Caka comweco kunabwera gulu la Phelps-Stokes kudzafufuza za maphunziro a anthu akuda. Uphungu wawo unali wakuti mwana wa mu Africa aziphunzira zogwirizana ndi moyo wa kumudzi: ulimi, ukhondo ndi nchito zamanja. Pomvetsera zinali zabwino. Koma mkati mwake munali ganizo lakuti malo a munthu wakuda ndi kumudzi, ndipo akabwera m'tauni abwere ngati wothandizira cabe.

M'zaka za m'ma 1930 boma linatsegula Central Trades School mu Lusaka. Pambuyo pake sukuluyi inadziwika ndi dzina la Hodgson, ndipo lero ndi sukulu ya sekondale ya David Kaunda. Masukulu otere anali ocepa, ndipo anali kuphunzitsa makamaka zomangamanga ndi ukalipentala. Nchito za magetsi ndi za makina akuluakulu a m'migodi ndi m'mafakitale zinali zosungidwira ena.

Atsikana anali ndi njira yawoyawo. Pa masukulu ngati Mbereshi, kumene Mabel Shaw anayamba nchito mu 1915, anali kuphunzira kusoka, kuphika ndi kusamala nyumba ndi ana. Colinga cacikulu cinali kukonzekeretsa amayi a pabanja, osati amisiri olandira malipiro. Mpaka lero tikaona mtsikana atagwira sipanala timaceuka kawiri. Cizolowezi cimeneco cili ndi mizu yake.

Nthawi imeneyi inatisiyiranso bala lina. Makolo athu anaona okha kuti kalaliki wa ku boma amavala tayi, amakhala pamthunzi, ndipo amalemekezedwa kuposa womanga nyumba. Anaonanso kuti nchito zamanja zinali kuperekedwa kwa ana awo m'malo mwa maphunziro apamwamba amene ana a azungu anali kulandira. Conco anayamba kuziona ngati maphunziro a anthu olephera. Pa nthawiyo anali ndi cifukwa comveka. Ife tatengera ganizolo, cifukwa cake tinaciiwala.

Kumigodi: luso lopanda dzina

Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, wa Nkana mu 1932, ndipo wa Mufulira mu 1933. Amuna zikwizikwi anakhamukira kumeneko kucokera ku Luapula, Kumpoto, Kum'mawa, ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Mmisiri aliyense wacizungu, kaya wa magetsi, wa makina kapena wa mapaipi, anali ndi anthu akuda omuthandizira. Onse anali kuitanidwa kuti "boyi", ngakhale amene anali ndi imvi. Nchito yawo inali kunyamula bokosi la zipangizo, kugwirira ndi kupatsira. Koma munthu sangapatsire sipanala kwa zaka khumi osadziwa nati imene ikumasulidwa. M'kupita kwa nthawi ambiri anadziwa nchito yonse, ndipo kawirikawiri ndiwo anali kuigwira bwana ataimirira pambali.

Mapepala amene munthu wakuda anali nawo anali awiri. Loyamba linali citupa, cosonyeza dzina lake, mudzi wake, mfumu yake ndi za msonkho. Laciwiri linali tikiti, imene inali kudindidwa tsiku lililonse mpaka akwanitse masiku 30 ogwira nchito kuti alandire malipiro. Panalibe pepala lonena zimene manja ake adziwa.

Izi sizinangocitika mwangozi. Mu 1936 azungu a m'migodi anapanga bungwe lawo. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pamene Britain inali kufuna mkuwa kwambiri, bungweli linakakamiza makampani kuvomera kuti nchito zaluso zikhale za mamembala ake okha. Panalinso khomo limodzi lokha lolowera pa umisiri wovomerezeka. Mnyamata anali kusainirana pangano ndi kampani, n'kugwira nchito pansi pa mmisiri kwa zaka zingapo, uku akuphunzira, ndipo pamapeto pake anali kulandira pepala. Lamulo loyendetsa pangano limeneli linatsekera kunja anthu akuda mpaka cakumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Ogwira nchito sanakhale cete. Mu 1935 ananyanyala nchito, ndipo anthu 6 anaphedwa ndi mfuti ku Luanshya. Mu 1940 ananyanyalanso, ndipo ku Nkana kunafa anthu 17. Pakati pa madandaulo awo panali kusiyana kwakukulu kwa malipiro pakati pa mzungu ndi munthu wakuda. Mu 1948 gulu lotsogoleredwa ndi Andrew Dalgleish linalemba mndandanda wa nchito zimene anthu akuda akanayamba kugwira nthawi yomweyo, ndi zina zimene akanagwira ataphunzitsidwa pang'ono. Bungwe la azungu linayankha kuti aliyense wotenga nchito ya mzungu alandire zonse zimene mzungu alandira. Mawuwa anali kumveka acilungamo, koma eni ake anali kudziwa kuti palibe kampani imene ikanavomera, motero zinthu zinakhala mmene zinalili.

Mu 1949 kunabadwa bungwe la anthu akuda ogwira nchito m'migodi, lotsogoleredwa ndi Lawrence Katilungu. Pambuyo pa kulimbana kwa zaka zingapo, mu 1955 anagwirizana kuti mitundu 24 ya nchito icoke m'manja mwa azungu ipite kwa anthu akuda. Kunali kupita patsogolo, koma nchito zenizeni za umisiri zinatsalabe kutsidya.

Ufulu, ndi cosankha cacikulu ca mu 1967

Pa 24 Okutobala 1964 tinalandira dziko limene linali pakati pa maiko otulutsa mkuwa wambiri pa dziko lonse, koma lokhala ndi anthu akuda pafupifupi 100 cabe amene anatsiriza maphunziro a pa yunivesite. Nkhani ya anthu 100 amenewa timaikamba kawirikawiri. Imene sitikamba ndi yakuti amisiri akuda okhala ndi mapepala ovomerezeka nawonso anali owerengeka. Mu Novembala 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzilengeza lodziimira palokha, ndipo njira zathu za kum'mwera zinayamba kuvuta. Dziko linadalira amisiri ocokera kunja, olipidwa ndalama zambiri.

Boma la Kenneth Kaunda linaitana katswiri wa ku Canada, W. A. B. Saunders, kuti apereke uphungu. Lipoti lake la mu 1967 linati njira yophunzirira pa nchito pansi pa mmisiri isiyidwe, ndipo m'malo mwake acinyamata aziphunzira umisiri m'masukulu apadera asanalembedwe nchito. Cifukwa cake cinali comveka. Njira yakaleyo inali yocedwa, ndiponso inali m'manja mwa amisiri omwewo amene anatseka khomo kwa zaka zambiri. Kodi tikanayembekezera kuti iwo aphunzitse mwamsanga anthu odzawalowa m'malo?

Mu 1968 boma linakhazikitsa bungwe loona za maphunziro a umisiri, ndipo nduna yoyang'anira nchitoyi inali Valentine Musakanya. Mu 1972 kunabwera lamulo limene linaika maphunzirowa pansi pa dipatimenti ya boma. Masukulu a umisiri anamangidwa kapena kukuzidwa ku Lusaka, Kabwe, Livingstone, Choma, Luanshya, Mansa ndi Lukashya ku Kasama. Pamwamba pawo panali Northern Technical College ku Ndola, Evelyn Hone College mu Lusaka, ndi Zambia Institute of Technology ku Kitwe, imene pambuyo pake inakhala mbali ya Copperbelt University.

Nchito nazo zinali kudikira. Pambuyo pa zilengezo za ku Mulungushi mu 1968 ndi za ku Matero mu 1969, boma linatenga gawo lalikulu la makampani ndi migodi. Kunali fakitale ya nsalu ndi ya feteleza ku Kafue, yolumikiza magalimoto ku Livingstone, ya mabatire ku Mansa, ya magalasi ku Kapiri Mposhi, ndi ya njinga ku Chipata. Njanji ya TAZARA inali ndi malo ake ophunzitsira ku Mpika. Wotsiriza maphunziro a umisiri anali ndi ciyembekezo ceniceni ca nchito, nyumba ya kampani ndi penshoni. Ambiri a ife tinaleredwa ndi malipiro a amisiri a m'badwo umenewo, ndipo tiyenera kuvomereza kuti m'zaka zocepa dziko linacita cinthu cacikulu.

Komabe panali cimene tinataya. Pepala linacoka pamalo ogwirira nchito n'kupita m'kalasi. Kuti munthu alowe m'kalasimo anafunika kukhoza mayeso a kusukulu, ndipo m'kupita kwa zaka mlingo wolowera unakwera mpaka kufika pa giredi 12. Ana ambiri anali kutsalira pa giredi 7 cifukwa malo a ku sekondale anali ocepa. Mayeso a umisiri a anthu ophunzirira pa nchito analipobe, koma ndalama ndi ulemu zinapita kumasukulu. Khomo limene kale linatsekedwa ndi khungu tsopano linapanikizidwa ndi zotsatira za mayeso.

Mkuwa utagwa mtengo

Mu 1973 mafuta anakwera mtengo pa dziko lonse, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Popeza masukulu onse aja anali kudalira thumba la boma, nawo anayamba kufota. Makina anakalamba popanda osintha. Zitsulo, matabwa ndi waya zophunzirira zinayamba kusowa. Ophunzira anali kumasula ndi kumanganso injini imodzimodzi yakale, pamene magalimoto a pamsewu anali atasintha. Aphunzitsi aluso ambiri anapita kumakampani kapena kumaiko oyandikana nafe.

Boma litasintha mu 1991, makampani a boma anayamba kugulitsidwa, ena kutsekedwa. Zambia Airways inatha mu 1994, kampani ya mabasi ya UBZ mu 1995, ndipo kugulitsa migodi ya ZCCM kunatsirizidwa mu 2000. Anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito. Salaula nayo inafooketsa mafakitale a nsalu ndi matelala. Dongosolo lonse la maphunziro a umisiri linakonzedwa kuti lizitumiza anthu ku makampani akuluakulu, ndipo tsopano makampaniwo kunalibe.

Amisiri ocotsedwa nchito sanafe ndi luso lawo. Ananyamula mabokosi a zipangizo n'kukakhala m'misika ndi m'mbali mwa misewu, ku Chisokone mu Kitwe, ku Garden ndi Kalingalinga mu Lusaka, ndi kumidzi kwawo. Kumeneko anatenga ana a alongo awo ndi ana a aneba kuti aziwathandizira. Motero njira yophunzirira pansi pa mmisiri, imene boma linaisiya, inabwerera yokha pansi pa mtengo wa mango, popanda pangano lolembedwa ndi popanda pepala. Kunena zoona, imeneyi ndiyo sukulu yaikulu ya umisiri m'dziko lino. Amakanika, omanga, osoka, oluka tsitsi ndi okonza mafoni ambiri amene timawadziwa anadutsira mmenemo.

Sukulu imeneyi tisaikometsere mopitirira. Mnyamata amaphunzira zokhazo zimene mphunzitsi wake adziwa, pamodzi ndi zolakwa zake. Ambiri amawocherera popanda coteteza maso. Ambiri sadziwa kuwerenga pulani ya nyumba kapena kuwerengera mphamvu ya waya wa magetsi. Ena amagwira nchito zaka zisanu akulipidwa nsima ya masana cabe, popanda tsiku lodziwika lakuti maphunziro atha. Ndipo akacoka pamenepo kupita ku tauni ina, palibe mboni yowalankhulira.

Kucokera mu 1996 kufika lero

Mu 1996 boma linalemba mfundo zatsopano zimene zinavomereza poyera kuti anthu ambiri sadzalembedwa nchito m'makampani, conco maphunziro a umisiri ayenera kuphunzitsanso kuyendetsa bizinesi. Lamulo la mu 1998 linakhazikitsa bungwe la TEVETA, ndipo linakonzedwanso mu 2005. Bungweli limalembetsa masukulu a umisiri, a boma ndi a anthu wamba, limavomereza zophunzitsidwa, ndipo limayendetsa mayeso. Masukulu a boma anapatsidwa makomiti owayendetsa ndi kuuzidwa kuti mbali ya ndalama azipeza okha. Izi zinatanthauza malipiro a sukulu, amene mabanja osauka ambiri sanawakwanitse.

Lero mapepala a umisiri ali ngati makwerero. Pansi pali mayeso a trade test, amene ali ndi masitepe atatu: woyamba amalowera pa Level 3, n'kukwera ku Level 2, mpaka Level 1. Pamwamba pake pali craft certificate, kenako setifiketi ya tekinishani, kenako dipuloma. Lamulo la mu 2011 linakhazikitsa Zambia Qualifications Authority, imene inaika mapepala onse a maphunziro pa makwerero amodzi a masitepe 10, kuti pepala la womanga ndi la dokotala zidziwike pamene zili.

Pali zinanso zimene zasintha. Dongosolo la maphunziro la mu 2013 linalola ana a ku sekondale kusankha njira ya nchito zamanja ndi kulemba mayeso a trade test akali pasukulu. Kuyambira mu 2017, makampani amapereka msonkho wa 0.5 peresenti ya malipiro a anchito awo kuti uthandize maphunziro a umisiri. Mu 2022 thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo mbali ina ya ndalamazo imalipirira acinyamata ophunzira umisiri. Kum'mawa kuli masukulu ngati Chipata Trades, Ukwimi Trades, ndi kampu ya Zambia National Service ya Chiwoko ku Katete.

Koma pa zonsezi, cimene cikuyankha mwacindunji funso la mbiri yathu ndi dongosolo lozindikira luso limene munthu anaphunzira kale, lodziwika ndi zilembo zakuti RPL. Mmisiri amene anaphunzirira pa nchito safunika kubwerera m'kalasi kukayamba pa ciyambi. Amalembetsa, amayesedwa pa nchito yeniyeni pamaso pa woyesa wovomerezeka, ndipo akakhoza amalandira pepala la trade test. Pa nthawi ya atsamunda manja analipo koma pepala linakanizidwa. Pambuyo pa ufulu pepala linapita kukakhala m'kalasi. Apa pepala likuyesa kupita kumene kuli manja.

Zimene mbiriyi ikuticenjeza

Cenjezo loyamba ndi lakuti lamulo labwino silifika lokha pansi pa mtengo wa mango. Amisiri ambiri a m'makomboni ndi m'midzi sanamvepo za RPL. Ena amaopa cizungu ca pa mayeso. Ena sangatseke shopu masiku angapo ndi kulipira ulendo wopita kumalo oyesera. Ngati dongosololi lingothandiza okhawo amene ali kale pafupi ndi maofesi, ndiye kuti tamanganso khomo lina lopapatiza.

Cenjezo laciwiri ndi la mbali inayo: pepala lopanda manja. Ndalama za maphunziro zikaculuka, ophunzira amadzaza m'makalasi mofulumira kuposa mmene makina angagulidwire. Ngati acinyamata makumi angapo akulimbirana makina amodzi owocherera, adzatuluka ndi setifiketi koma osadziwa kulumikiza zitsulo ziwiri. Tanena kale kuti setifiketi ndi mboni. Mboni ikanama kawiri katatu palibe amaikhulupiriranso, ndipo amene amavutika ndi amene anaipeza moona mtima. Zimene zinacitika pambuyo pa 1975 zitikumbutse kuti sukulu ya umisiri yopanda zipangizo ndi dzina cabe.

Cenjezo lacitatu likukhudza ife eni ake. Tikali kuuza ana athu kuti, "Ukalephera mayeso udzapita ku trades," ngati kuti ndi cilango. Koma nyumba zikumangidwa paliponse, masola akuikidwa pamadenga, mijigo ikufuna okonza, ndipo migodi ya ku Solwezi ndi Kalumbila ikufuna anthu a magetsi ndi a makina. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Masiku ano ngakhale wokongola, wokhala ndi digiri m'cikwama, afunika nyimbo yake.

Pali zimene tingacite popanda kudikira boma. Amene tili ndi amalume, alongo kapena ana amene akhala pa nchito yamanja zaka zambiri popanda pepala, tiwaperekeze ku sukulu ya umisiri yapafupi kukafunsa za mayeso a trade test. Tisanalipire sukulu iliyonse, tifunse ngati ndi yolembetsedwa ku TEVETA, ndipo tilowe m'cipinda cophunziriramo nchito tione ngati muli zipangizo. Amene tili ndi mashopu ndi anyamata otithandizira, tigwirizane ndi makolo awo za nthawi imene maphunziro adzatha, ndipo ikakwana tiwalole akayesedwe. Atsikana ofuna zamagetsi kapena zamakina tisawabweze ku makina osokera ngati si kumene mtima wawo uli. Ndipo pamisonkhano ya m'madera yokambirana za CDF, tifunse ngati amisiri akale a m'misika nawonso akuganiziridwa.

Agogo athu a kumigodi anagwira nchito ya mmisiri kwa moyo wonse, n'kubwerera kumudzi ndi citupa cokha. Iwo analetsedwa ndi lamulo. Mnyamata uja wa ku Kalingalinga, amene lero akugwirira citsulo uku akuyang'anitsitsa, palibe lamulo lomuletsa. Zaka khumi zikubwerazi nayenso adzaima pamzere n'kufunsidwa kuti, "Mapepala muli nawo?" Yankho limene adzapereka likudalira zimene ife, mphunzitsi wake ndi boma ticite pakali pano.